Mphete ya ukwati: funsani chitsulo musanalipire

LICHINGA — Chimanga chikalowa m'nkhokwe, nyemba ndi mbatatesi zikagulitsidwa, alimi a fodya a ku Mandimba nawo akalandira ndalama zawo, nyengo ya maukwati imayamba m'chigawo cha Niassa. Kuyambira mwezi wa Ogasiti mpaka mvula itayandikira, Loweruka silipita popanda nthungululu kumveka pa tchalitchi china kapena pa mudzi wina.

Pa zinthu zonse zimene mkwati ndi mkwatibwi amagula pokonzekera tsikuli, mphete ndiye kanthu kakang'ono koposa, komanso ndiye kamene kamapusitsa anthu ambiri. Nsalu munthu amaigwira n'kudziwa ngati ili yolimba. Mbuzi amaiyang'ana m'kamwa, mpunga amautapa m'manja. Koma mphete yachikasu yonyezimira siiulula za m'kati mwake. Ya golide weniweni ndi ya mkuwa wopakidwa zimaoneka chimodzimodzi pa tsiku la ukwati, ndipo kusiyana kwake kumadzaoneka patapita miyezi, chala chitabiriwira, ndalama za mbewu zitapita kale.

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mwambiwu ukukhudza kwambiri anthu a m'midzi ya m'malire amene amayenda ulendo wa makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Mandimba kubwera ku Lichinga, kapena kuoloka pa Chiponde kupita ku Mangochi ndi ku Blantyre, kukafuna mphete. Amagula kwa munthu amene sakumudziwa, m'tauni imene sadzabwererako msanga, nthawi zina m'chiyankhulo chimene sachimva bwino.

Makolo sadamange ukwati ndi mphete

Choyamba chofunika kuchikumbukira n'chakuti mphete si imene imamanga ukwati. Pakati pa Anyanja, Achewa ndi Ayao, banja limayima pa ankhoswe. Ndi iwo amene amakumana, kugwirizana, kupereka malangizo ndi kuweruza milandu ikabuka. Makolo ankadziwa zitsulo zodzikongoletsera, monga zikwinjiri za mkuwa zimene amalonda achiyao ankabwera nazo kuchokera ku gombe la nyanja ya mchere, ndiponso chipini cha pamphuno cha amayi, koma izi sizinali chizindikiro cha lumbiro la ukwati.

Mwambo wovekana mphete udafika ndi amishoni. Mpingo wa Anglican udakhazikika pa chilumba cha Likoma mu 1885 ndipo udafalikira m'mbali mwa nyanja mpaka ku Messumba, pafupi ndi Metangula. Ansembe achikatolika a Consolata adatsegula mishoni ya Massangulo mu 1928. Kuchokera m'malo ngati amenewa, mphete idalowa m'midzi pamodzi ndi diresi loyera ndi keke. Pa Chipwitikizi mphete ya ukwati amaitcha aliança, ndipo ndilo dzina limene munthu ayenera kutchula akalowa m'sitolo ku Lichinga, ku Cuamba kapena ku Nampula.

Malamulo a boma nawo safunsa za mphete. Lamulo la mabanja la ku Mozambique la 2004, lomwe lidakonzedwanso mu 2019, limavomereza ukwati wa kwa boma, wa ku mpingo kapena ku mzikiti, ndi wa mwambo, bola ulembetsedwe ku Registo Civil. Ku Malawi lamulo la maukwati la 2015 nalo limavomereza mitundu yosiyanasiyana ya ukwati. Maiko onse awiriwa amafuna kuti okwatiranawo akhale atakwanitsa zaka 18. Palibe lamulo limene limati chala chikhale ndi golide.

Izi zikutanthauza kuti banja lili ndi ufulu wosankha chitsulo chogwirizana ndi thumba lake, chipembedzo chake ndi ntchito ya manja ake. Chofunika n'chakuti lidziwe chimene likugula.

Manambala a m'kati mwa mphete

Golide amakondedwa chifukwa sachita dzimbiri, sada, ndipo sasintha mtundu ngakhale atakhala m'nthaka zaka mazana. Koma golide yekhayekha ndi wofewa kwambiri. Mphete ya golide wosasakaniza imapindika munthu akangogwira mpini wa khasu mwamphamvu. Pa chifukwa ichi amisiri amamusakaniza ndi mkuwa, siliva kapena zinki kuti alimbe.

Kuchuluka kwa golide m'mphete kumawerengedwa ndi makarati, amene pa Chipwitikizi amati quilates. Golide wosasakaniza ndi wa makarati 24. Mphete ya makarati 18 ili ndi magawo 18 a golide pa magawo 24, ndiye kuti magawo atatu mwa anayi. Ya makarati 9 ili ndi golide wosafika theka.

Opanga mphete amadinda nambala yaing'ono m'kati mwa mphete, yosonyeza magawo a golide pa magawo 1,000. Nambala ya 916 ikuyimira makarati 22, ya 750 makarati 18, ya 585 makarati 14, ndipo ya 375 makarati 9. Palinso nambala ya 800, imene ikuyimira makarati 19.2. Ameneyu ndi golide wa mwambo wa ku Portugal, ndipo mabanja amene akusunga mphete za agogo za nthawi imene Lichinga inkatchedwa Vila Cabral, chisanafike chaka cha 1975, angathe kuipeza nambalayi.

Golide wa makarati 22 ndi wachikasu kwambiri ndipo amakondedwa ndi amalonda achimwenye ndi achiarabu, koma amakandika msanga. Wa makarati 18 ndi wokongola ndi wolimbirapo. Wa makarati 14 ndi 9 ndi wotuwirako pang'ono, wotsikirapo mtengo, ndipo amapirira ntchito ya tsiku ndi tsiku, ngakhale wa 9 amatha kuda pang'ono chifukwa cha kuchuluka kwa mkuwa m'kati mwake.

Golide wa makarati 9 ndi wofala m'masitolo a ku South Africa. Azigogo ambiri a m'midzi ya m'malire, makamaka mbali ya Malawi, adapita ku Joni kudzera ku Wenela kukakumba golide m'migodi imene idayamba mu 1886, ndipo ankabwerako ndi mabulangete ndi njinga. Adzukulu awo amene ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town amatumiza mphete kwa zibwenzi zawo kumudzi. Mphete yotere ikakhala ndi nambala ya 375, ndi golide ndithu, koma munthu asayembekeze kuti angaigulitse pa mtengo wa ya 750.

Mtengo umaulula bodza

Njira yosavuta yodziwira mphete yabodza ndi kuwerengera mtengo. Golide ali ndi mtengo umodzi pa msika wa dziko lonse, ndipo umawerengedwa pa aunsi, imene ndi magalamu 31.1. M'chaka cha 2001 aunsi imodzi inali pansi pa madola 300 a ku America. Mu 2008 idapitirira madola 1,000, mu Ogasiti 2020 idapitirira 2,000, mu Malichi 2025 idapitirira 3,000, ndipo mu Okutobala 2025 idapitirira madola 4,000.

Pa mtengo wa mu Okutobala 2025, galamu imodzi ya golide wosasakaniza inali pafupifupi madola 129. Dola imodzi pa nthawiyo inkasinthidwa ndi meticais pafupifupi 64, choncho galamuyo inali yoposa meticais 8,000.

Mphete ya ukwati yolemera magalamu 4 ya makarati 18 ili ndi magalamu 3 a golide. Ndiye kuti golide yekhayo, osawerengera ntchito ya mmisiri, msonkho ndi phindu la sitolo, anali woposa meticais 24,000. Ya makarati 9 yolemera chimodzimodzi ili ndi galamu imodzi ndi theka, kutanthauza meticais oposa 12,000. Poti mphete zimafunika ziwiri, ndalamazo zimawirikiza.

Tsono munthu akamatsatsa mphete yokhuthala, yodindidwa 750, pa mtengo wa thumba limodzi la chimanga, pali zinthu ziwiri zokha. Mphetoyo si ya golide, kapena ndi yakuba. Zonse ziwirizi zimabweretsa misozi. Palibe wamalonda amene amagulitsa golide pa mtengo wotsika kuposa umene iye angalandire atangomusungunula.

Kwa anthu a mbali ya Malawi, mtengowu umakulirakulira chifukwa cha kugwa kwa kwacha, imene idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wooloka malire ayenera kuwerengera bwino kusintha kwa ndalama asanayambe kunenerera.

Mphete zopakidwa

Mphete zambiri zachikasu zimene zimayalidwa pa matebulo a m'misika pamodzi ndi ndolo, mawotchi ndi mikanda ndi za mkuwa wosakaniza ndi zinki, zopakidwa golide pamwamba. Golide wopakidwayo ndi wopyapyala kuposa tsitsi, mwakuti kuchapa, kusinja ndi kulima kwa miyezi yochepa kumamuchotsa. Mkuwa ukaonekera, umakumana ndi thukuta n'kusiya mzere wobiriwira kapena wakuda pa chala.

Mzerewu si matenda, si ufiti, ndiponso si chizindikiro chakuti wina m'banjamo akuyenda njira zachibwana. Ndi mkuwa chabe, ndipo umachoka ndi sopo. Ankhoswe ayenera kudziwa zimenezi, chifukwa kukayikirana m'banja kumatha kuyambira pa kanthu kochepa ngati kameneka.

Vuto lenileni ndi chitsulo chotchedwa nickel, chimene chimapezeka m'mphete zambiri zotsika mtengo. Anthu ena khungu lawo silimvana nacho. Chala chimayabwa, chimatuluka timatuza, ndipo chilonda sichipola mpaka mphete itavulidwa. Mayi amene makutu ake amatupa akavala ndolo za pa msika ayenera kusamala kwambiri posankha mphete.

Ogulitsa oona mtima sabisa kuti mphete ndi yopakidwa. Pa Chipwitikizi amati banhado a ouro kapena folheado, ndipo m'kati mwa mphete mumadindidwa zilembo monga GP, GF kapena HGE pambali pa nambala. Mphete yolembedwa 18K GP si ya makarati 18. Ndi yopakidwa chabe. Mphete yachikasu yodindidwa 925 ndi ya siliva wopakidwa golide. Kugula mphete yopakidwa si kulakwa ngati munthu akudziwa ndipo walipira mtengo wake. Kulakwa ndi kulipira mtengo wa golide pa mkuwa.

Chidindo nacho chimatha kunama, popeza aliyense amene ali ndi kachitsulo kodindira angalembe 750 pa chilichonse. Maginito amathandiza pang'ono. Golide ndi siliva sakokedwa ndi maginito, choncho mphete imene yamamatira ndi yabodza. Koma mkuwa nawo sukokedwa, ndiye kusamamatira sikutsimikiza kanthu. Kuluma mphete ndi mano n'kopanda phindu, chifukwa mtovu nawonso ndi wofewa. Kulemera ndiko kumanena zambiri, pakuti golide wosasakaniza amalemera kuposa mkuwa kawiri ndi kupitirira, ndipo mphete ya makarati 18 imamveka yolemera m'dzanja poyerekeza ndi ya mkuwa ya kukula komweko. Umboni weniweni umachokera kwa mmisiri wosula golide, amene pa Chipwitikizi amati ourives. Iye amakhula mphete pa mwala wakuda n'kudonthezapo asidi. Mzere wa golide umatsala, wa mkuwa umasungunuka.

Siliva ndi mabanja achisilamu

Anthu ambiri a ku Niassa ndi ku Mangochi ndi Asilamu, ndipo kwa iwo funso la chitsulo lili ndi yankho la chipembedzo. Chiphunzitso cha Chisilamu chimaletsa mwamuna kuvala golide, koma chimamulola kuvala mphete ya siliva. Mkazi amaloledwa zonse ziwiri. Ukwati wa nikah umayima pa kuvomera kwa okwatiranawo, mboni ndi mahari, ndipo mphete ndi mphatso yongoonjezera. Banja limene likufuna mphete zofanana lingagule za siliva zonse ziwiri, kapena mkazi kuvala ya golide, mwamuna ya siliva. Pokayika, shehe ndiye woyenera kufunsidwa ndalama isanatuluke. Chimodzimodzi Akhristu a mipingo imene siikonda zodzikongoletsera ayenera kuyamba afunsa abusa awo.

Siliva wabwino amadindidwa 925, ndiye kuti magawo 925 a siliva ndi 75 a mkuwa. Zinthu zina za ku Portugal zili ndi nambala ya 835. Mu Okutobala 2025 aunsi ya siliva idafika pa madola 50, pamene ya golide inali pa 4,000. Choncho siliva wa m'mphete ya magalamu 4 anali pafupifupi meticais 400 okha, ndipo zotsalazo pa mtengo wa m'sitolo ndi za ntchito ndi phindu.

Kumpoto kwa Mozambique luso losula siliva ndi lakale. Pa chilumba cha Ibo, m'chigawo cha Cabo Delgado, amisiri adatchuka ndi mikufu, ndolo ndi mphete zolukidwa ndi timawaya ta siliva, ndipo kale ankasungunula ndalama zachitsulo kuti apeze siliva wogwirira ntchito. Mphete zolukidwa chotere ndi zokongola pa chikondwerero, koma ya ukwati yovala masiku onse imafunika kukhala yosalala ndi yokhuthala, kuti dothi ndi ufa zisamalowe m'timipata.

Siliva ali ndi zofooka ziwiri. Amada akakumana ndi utsi, mazira kapena anyezi, koma kudako kumachoka pomupukuta ndi nsalu yofewa ndi soda. Komanso ndi wofewa, mwakuti mphete yopyapyala imapindika ndi kuperepeseka pakapita zaka. Ubwino wake ndi wakuti mmisiri aliyense wodziwa ntchito angathe kuiwongola, kuikuza kapena kuichepetsa pa mtengo wochepa.

Zitsulo zoyera ndi zatsopano

M'masitolo akuluakulu a ku Maputo, Beira, Nampula, Blantyre ndi Lilongwe mumapezekanso mphete zoyera zodula. Golide woyera ndi golide wosakaniza ndi zitsulo zotuwa, wopakidwa pamwamba ndi chitsulo chotchedwa rhodium. Chopakacho chimatha pakapita nthawi, mphete n'kuyamba kuoneka yachikasu pang'ono, ndipo imafunika kukapakitsanso m'tauni. Kwa munthu wa ku Ngauma kapena ku Mecanhelas, ulendo wotere ndi ndalama zina. Golide woyera wina ali ndi nickel.

Platinum, amene amadindidwa 950, amakumbidwa kwambiri ku South Africa, kufupi ndi Rustenburg, ndiponso ku Zimbabwe. Ndi wolemera kuposa golide, sasintha mtundu ndipo savutitsa khungu. Koma amasungunuka pa madigiri 1,768, pamene golide amasungunuka pa 1,064, choncho ndi amisiri ochepa okha amene ali ndi zida zokonzera mphete yotere.

Chitsulo chosachita dzimbiri, chonga cha masupuni ndi mipeni yabwino, ndicho chotsika mtengo pa zitsulo zolimba. Mphete zake nthawi zina zimadindidwa 316L. Sizida, sizibiriwitsa chala, ndipo zimapirira madzi ndi sopo. Titanium ndi wopepuka kwambiri, wolimba ndi wosavutitsa khungu. Tungsten ndi wolemera, sakandika msanga, koma akagwa pa simenti angathe kusweka ngati mbale yadothi.

Zitsulo zitatuzi zili ndi vuto limodzi lalikulu. N'zovuta kwambiri kuzikuza kapena kuzichepetsa, ndipo tungsten sizitheka n'komwe. Chala chikatupa, kachida kamene kamadula golide ndi siliva mosavuta kamalephera kapena kuchedwa pa titanium ndi chitsulo chosachita dzimbiri. Tungsten sadulidwa, amachita kuphwanyidwa pomufinya ndi pulayala yamphamvu. Munthu wokhala kutali ndi chipatala chachikulu aganizire zimenezi. Palinso mfundo yakuti mphete zoterezi sizigulitsikanso pa tsiku la mavuto, pamene golide ndi siliva amasunga mtengo.

Golide wa ku Lupilichi

Niassa ili ndi golide wakewake. Ku Lupilichi, m'boma la Lago kufupi ndi malire a Tanzania, anthu akhala akukumba golide ndi manja kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Mbali ya Malawi, okumba adakhamukiranso ku Makanjira m'boma la Mangochi, ndipo mu 2021 Reserve Bank of Malawi idayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono. Pa chifukwa ichi mnyamata angaganize kuti n'kwapafupi kugula kachidutswa ka golide kwa mnzake wa ku mgodi n'kukasulitsa mphete.

Njirayi ili ndi minga. Malamulo a maiko onse awiri amafuna chiphaso pa malonda a miyala ya mtengo wapatali, ndipo kuoloka malire ndi golide wosasulidwa wopanda mapepala ndi mlandu umene ungatsekeretse mkwati ukwati usanachitike. Chachiwiri, wogula wosazolowera sangasiyanitse golide ndi tizidutswa ta mkuwa kapena mwala wonyezimira wotchedwa pyrite. Chachitatu, golide wa ku mgodi sakhala woyera, ndipo amafunika kuyengedwa ndi kusakanizidwa bwino kuti mphete isathetheke.

Choopsa kwambiri ndi mekyule, madzi olemera onga siliva amene okumba amagwiritsa ntchito pokoka golide mu mchenga. Akamaotcha chosakanizacho, mekyule amauluka ngati nthunzi yosaoneka, imene imaononga ubongo, impso ndi mwana wosabadwa. Golide wootchedwa chotere amatsala ndi mekyule m'kati, ndipo kumusungunula m'khitchini kapena m'nyumba yogona ndi kuika banja lonse pa ngozi.

Wokumba golide amene wavala mphete ya golide kapena siliva adziwenso kuti mekyule akaikhudza, imayera ndi kufumbutuka mpaka kuthyoka. Mafuta ena oyeretsa khungu ogulitsidwa mobisa ali ndi mekyule, ndipo amaononga mphete pamodzi ndi thupi la mwini wake.

Chala chimaposa mphete

Mphete ya ukwati imavalidwa ndi dzanja logwira ntchito. Mlimi amagwira khasu ndi feteleza, msodzi wa ku Metangula amakoka makoka, mayi amasinja, kuchapa ndi kutsuka miphika ndi mchenga. Dzanja lotere limafuna mphete yosalala, yopanda mwala wotukuka. Mwala umakola m'nsalu ndi mu ukonde, ndipo timano tougwira tikafooka umagwa osaoneka.

Mankhwala oyeretsera zovala onga Jik amadya zitsulo zosakanizidwa m'golide ndi kudetsa siliva, choncho mphete iyenera kuvulidwa pochapa nawo. Iyeneranso kuvulidwa pogwira ntchito pa chigayo, pa makina alionse a lamba, ndiponso pokwera kapena kudumpha pa lole. Mphete ikakola pa mbedza kapena pa msomali munthu akugwa, imatha kusenda chala chonse. Makaniko asamale ndi batire ya galimoto, chifukwa mphete ikalumikiza moto imatentha nthawi yomweyo n'kuotcha mpaka pa fupa.

Kukula kwa mphete nako kumafuna nzeru. Lichinga ili pa mtunda wa mamita oposa 1,300, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri. Kukazizira zala zimachepa, kukatentha zimafufuma. Mphete yoyezedwa m'mamawa wa Julayi ku Lichinga ingathe kuthina mu Okutobala ku nyanja. Ndi bwino kuyeza masana, thupi litatenthedwa. Mphete yoyenera imadutsa pa mfundo ya chala movutirapo pang'ono koma osapweteka.

Mayi woyembekezera avule mphete miyezi ikamapita, chifukwa zala zimatupa. Munthu wolumidwa ndi njoka, njuchi kapena chinkhanira pa dzanja, kapena wopsa ndi moto, avule mphete msangamsanga kutupa kusanayambe. Ikakana, akweze dzanja m'mwamba, aliviike m'madzi ozizira, apake sopo kapena mafuta ophikira. Zikakanika ndipo chala chayamba kuda kapena kuchita dzanzi, athamangire ku chipatala kuti ikadulidwe. Mphete ya golide kapena siliva yodulidwa imalumikizidwanso, koma chala sichimeranso.

Pa tsiku logula

Safunsa adadya phula. Wogula mphete asapite yekha, ndipo asachite manyazi kufunsa. Ndi bwino kutengana ndi nkhoswe kapena mbale wodziwa Chipwitikizi ndi kuwerenga manambala. Agule m'sitolo yokhazikika imene idzapezeke pomwepo chaka chamawa, osati kwa munthu woyenda ndi katundu m'thumba pa siteshoni ya sitima kapena pokwerera minibasi.

Afunse dzina la chitsulo, aone chidindo ndi maso ake, ndipo mphete iikidwe pa sikelo iye akuona. Lisiti lilembedwe chitsulo, makarati, kulemera kwa magalamu, mtengo, tsiku ndi dzina la sitolo. Wogulitsa amene akukana kulemba mawu oti ouro 750 kapena prata 925 pa lisiti waulula yekha chimene akugulitsa. Afunsenso ngati sitoloyo ingakuze kapena kuchepetsa mphete ikapanda kukwana. Lisitilo lisungidwe pamodzi ndi mtchatho wa ukwati, chifukwa limathandizanso pa chipata cha malire ndi pa tsiku limene mphete ingabedwe.

Kwa banja la kumudzi limene ndalama zake zimabwera kamodzi pa chaka, siliva wa 925 wokhuthala bwino ndiye amakwaniritsa zambiri. Ndi weniweni, amakonzeka, amadulika pa ngozi, ndipo amaloledwa kwa Mkhristu ndi Msilamu yemwe. Amene thumba lawo likulola angasankhe golide wa makarati 9 kapena 14, amene amapirira ntchito kuposa wa 22. Chitsulo chosachita dzimbiri chimathandiza amene ali ndi zochepa, bola mphete ikhale yomasuka pa chala. Mphete ya agogo ikakhalapo, mmisiri angaiyeretse ndi kuikonza kuti ikwane mdzukulu, pa mtengo wochepa poyerekeza ndi kugula yatsopano.

Chimene ankhoswe ayenera kuletsa ndi ngongole. Ndalama za mphete imodzi ya golide zingagule malata, feteleza ndi mbewu za banja latsopano. Mkwati amene watenga katapila kuti anthu aone golide pa Loweruka limodzi amayamba banja ali ndi wobwereketsa pakhomo, ndipo mphete yomweyo ndi imene imayamba kugulitsidwa, pa mtengo wotsika, njala ikafika mu Febuluwale. Palibe choletsa banja kuyamba ndi siliva, n'kudzagula golide pakapita zaka, nkhokwe zitadzaza ndi ana atalipiriridwa sukulu.